Zilembo zikachepa pa sikirini, musathamangire kutsitsa resolution

Pali chizolowezi china chomwe ndimachiona pa makompyuta a anthu ambiri, makamaka ma laputopu akaunjika aja timagula m'tauni. Munthu akaona kuti zilembo zachepa ndipo maso ayamba kuwawa, amapita pa Display settings n'kutsitsa resolution, chiwerengero cha timadontho tomwe timapanga chithunzi pa sikirini, mpaka 1024x768. Zinthu zimakuladi inde, koma zonse zimaoneka mbuu, zilembo zosathwa, anthu pa zithunzi atambasuka moti wowonda akuoneka wonenepa. Kenako mumva akuti kompyutayi yakalamba. Ayi ndithu, si ukalamba umenewo.

Nkhani ili apa: sikirini ya laputopu kapena monita yafulati ili ndi timadontho ting'onoting'ono, ma pixel, ndipo chiwerengero chake anachiika kufakitale, sichisintha ngakhale mutadina chiyani. Ya 1920x1080, yomwe amati Full HD, ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, pamodzi topitirira 2 miliyoni. Ma HP, Dell ndi Lenovo akale ambiri ali ndi 1366x768, pafupifupi theka la zimenezo. Ndiye mukaiuza kuti ionetse timadontho tochepa kuposa tomwe ili nato, imangokakamizika kumwaza chithunzi chaching'onocho kuti chidzaze galasi lonse, zili ngati kutenga kachithunzi ka pasipoti n'kukasindikiza pa pepala la A4, nkhope ioneka yaikulu koma maso ndi mphuno zonse zaphwanyika. Kutambasuka kuja kumabwera chifukwa 1024x768 ndi 4:3 (mulitali poyerekeza ndi mulifupi), mawonekedwe a ma TV akale achimsana aja, pomwe ma laputopu athuwa ambiri ndi 16:9. Ikapanda kutambasula imakusiyirani mizere yakuda iwiri m'mbali.

Chochita ndi chosavuta. Dinani batani lakumanja la mausi pa desktop, sankhani Display settings, pa Display resolution ikani yomwe yalembedwa Recommended, imeneyo ndiye saizi yeniyeni ya sikirini yanu, muisiye pomwepo. Vuto la maso lija likonzedwa ndi Scale, yomwe ili chapamwamba pang'ono pa tsamba lomwelo. Ikani 125% kapena 150%, zilembo ndi ma icon zikula koma zikhalabe zakuthwa chifukwa Windows ikuzijambula ndi timadontho tambiri, osati kuzikoka. Ineyo pa Full HD ya 14 inches ndimakonda 150%, ena amati zimakula udyo, zili kwa inu ndi maso anu. Pa 1366x768 pokha samalani, malo ndi ochepa kale, mukakuza kwambiri mawindo ena batani la OK limabisala pansi osaoneka. Ngati vuto lili pa intaneti pokha, ndiye musavutike n'komwe ndi zonsezi, gwirani Ctrl ndi + mu Chrome, Ctrl ndi 0 kubwezera.

Ndipo mukasankha resolution ina sikirini n'kuda bii, musachite phuma kuzimitsa kompyuta kapena kuzula batire. Windows imafunsa Keep changes n'kudikira masekondi 15, mukapanda kuyankha imabwerera yokha pomwe inali.

Pali ena ofika pa Display resolution n'kupeza kabokosi katuwa kosadinika, kapena muli manambala awiri atatu okha. Izi zimachitika kwambiri kompyuta ikangochokera koifomata, wokonzayo waika Windows koma driver wa graphics, kapulogalamu komwe kamathandiza Windows kuyendetsa sikirini bwino, sanaike, mwina chifukwa choopa bandulo. Tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters, mukaona palembedwa Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa Intel, AMD kapena NVIDIA, dziwani kuti vuto ndi lomwelo, ndipo nthawi zambiri brightness nayo imakana kutsika. Windows Update imamupeza driver ameneyu, apo ayi pitani pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo mulembe model yake yomwe ili pa kasitika kapansi. Mafayilo ake amakhala aakulu ndithu, bola kukasaka Wi-Fi.

Pomwe ndimavomereza kuti resolution itsike ndi pa projekita basi. Aliyense amene anayendetsapo mawu a nyimbo kutchalitchi kapena PowerPoint ku workshop akudziwa, mwangolumikiza chingwe cha VGA kapena HDMI laputopu yasintha mawonekedwe pompo, anthu akukuyang'anani ngati mwaononga dala. Mapurojekita akale ambiri ndi a 1024x768, ena 800x600, ndiye mukadina Windows ndi P n'kusankha Duplicate, kuti zonse zionetse chimodzimodzi, zida ziwirizo zimayenera kugwirizana pa saizi imodzi ndipo laputopu ndi yomwe imagonja. Sankhani Extend, chilichonse chikhala ndi resolution yakeyake, mungokokera zomwe mukufuna kuonetsazo kumbali ya projekita.

Pa TV vuto limakhala lina, resolution ili bwinobwino koma taskbar, mzere wa Start uja, yadulidwa pansi ndipo m'mphepete mwadyedwa. Pamenepo kompyuta siinalakwe, tengani rimoti mupite pa picture size kapena aspect ratio, pa LG musankhe Just Scan, pa Samsung zakale amalemba Screen Fit.