Buku lomwe ndinayamba kulembera pansi pa bedi la kuchipatala

Amuna anga atagwa ndi sitiroko, ndinakhala gadiyani wawo miyezi iwiri, kugona pachitenje pansi pa bedi lawo. Tulo tikasowa ndinkalemba m'kope lakale la mwana wathu nkhani yachikondi: telala wa pakhonde ku Limbe ndi mtsikana wa kwaya. Abusa atabwera kudzapemphera anawerenga Nyimbo ya Solomo 8:7, yoti madzi ambiri sangazimitse chikondi, ine n'kuiika m'mutu wachitatu pomwe telalayo akudwala. Ndinafuna kuti achire mozizwitsa, koma ndinafufuta, poti bambo akunyumbawa mpaka lero amakoka mwendo.

Dzulo ndinawawerengera. Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, amvekere, "Telalayu ndine, eti mayi? Nanga mwamukongoletseranji chonchi?"