Tambala wa Chinkhoswe ndi Kawaya ka Mphwanga

Tambala wa chinkhoswe ndinakagula ndekha ku Ngabu, wofiira, wa lipombo loima, woti akuchikazi akamuona adziwe kuti kwathu sitiyenda ndi nkhuku zotsala ku chitopa. Ndine malume wamkulu, choncho womupereka ndinali ine. Kumumanga miyendo ndinakana, kuopa kuti akafika akutsimphina pamaso pa anthu. Ndinamuika m'dengu la chivundikiro.

Chomangira chivundikirocho ndicho chinasowa. M'bandakucha ndinapeza kawaya koonda pathebulo la mphwanga wamng'ono, uyu akuphunzira za zitsulo kuyunivesite. Kanali kofewa, kopindika ndi zala zokha popanda pulayazi. Ndinakazunguliza, dengu pakaliyala, jekete pathupi, ulendo wa ku Nchalo.

Odziwa Okutobala wa kuno ku chigwa akudziwa kuti madigiri 40 timawapitirira tisanadye nkhomaliro. Nditayandikira minda ya nzimbe ndinaima kuti ndimwe thobwa. Ine pamthunzi, njinga padzuwa. Ndisanafike pakati pa botolo ndinangomva phaphapha! Chivundikiro uko, tambala wayamba kale wa m'nzimbe.

Ndinamutsatira, tayi ali m'khosi. Masamba a nzimbe amacheka, abale. Mayi wa thobwa uja m'malo mothandiza anaitana anzake kuti adzaone bambo wa jekete akukwawa m'ngalande uku akuitana kuti "kuu, kuu". Tambala analira kamodzi chapatali, ndipo kumeneko kunali kutsanzika.

Pobwerera pa njinga ndinapeza kawaya kaja kali pansi, kowongoka bwinobwino, kopanda ndi chizindikiro chomwe choti kanapindidwapo. Mtima unati myuu. Ndinati basi, akuchikazi ayamba kale kutiyesa mphamvu.

Ndinagula katambala kena pamudzi wapafupi, pa mtengo umene mkazi wanga sakuudziwa mpaka lero. Pokapereka, azakhali ena akuchikazi anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa mwaulemu wonse: "Ankhoswe, ameneyu anayamba kulira, kapena tizimudikira?"

Madzulo ndinamuitana mphwanga uja, kawaya kali m'manja, kuti tikambirane zokaonana ndi akuluakulu odziwa. Iye anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amalume, mwatenga nitinol wanga! Ndasaka tsiku lonse."

Anakapindapinda, n'kukaponya m'kapu yanga ya tiyi. Kanadziwongola ndikuona, ine n'kudzuka pampando.

Akuti ndi nickel wosakaniza ndi titanium, ndipo anatulukira ku Naval Ordnance Laboratory ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kawaya kotere kakazizira, maatomu ake, tija tizidutswa tosaoneka ndi maso topanga chinthu chilichonse, amakhala m'dongosolo lotchedwa martensite, lofewa. Ukakapinda, maatomuwo sasiyana ndi anansi awo, amangopendekeka pamodzi ngati nzimbe pamphepo, phesi lililonse likadali paphando lake. Kakatentha amabwerera m'dongosolo lolimba lotchedwa austenite, ndipo waya amatenganso maonekedwe amene anaumbidwa nawo. Kakeko kanapangidwa kuti kazisintha ndi kutentha kwa madzi ofunda. Dzuwa la ku Nchalo pakaliyala linakwanira n'kutsala.

Ndinamufunsa ngati makolo ake amalipira fizi kuti azisunga mawaya othawitsa nkhuku. Anati ayi, kameneka n'kongoonetsera ana asukulu, kafukufuku wake ndi wa zitsulo za cobalt, uja amakumbidwa kwambiri ku Congo. Cobalt payekha amasintha dongosolo la maatomu pa madigiri pafupifupi 417. Akamusakaniza ndi nickel ndi aluminium, kapena nickel ndi gallium, chimatuluka chitsulo chokumbukira maonekedwe chimene chimakokedwanso ndi maginito. Vuto lake n'kusachedwa kuthyoka. Ndiye chija cha aluminium amachiwotcha mwa njira yoti m'malire a timibulu ting'onoting'ono topanga chitsulocho mumere gawo lina lofewerapo lotchedwa gamma, kuti chizipindika osasweka. Apa mnyamatayo maso anali atawala, ataiwaliratu kuti malume ake mikono yonse ndi mabala.

"Nanga cha cobalt chikanasunga tambala wanga?" ndinafunsa.

"Zikanatengera kasakanizidwe kake, amalume. Mukachepetsa ichi n'kuwonjezera icho, madigiri osinthira amakwera kapena kutsika."

Kenaka anatulutsa kope ndi cholembera.

"Koma amalume, pamene chivundikiro chimatseguka paja, munayang'ana nthawi? Ndipo dengulo linali litakhala padzuwa mphindi zingati?"

Ndinamuuza kuti akafunse tambala, ali m'nzimbe.