Mnyamata wa zaka 18 amene anagula nyuzipepala ku Atchison

Sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga za John A. Martin mpaka tulo kumandithawa, nde ndati ndikuuzeniko abale anga chifukwa nkhani yake yandikhudza zedi.

Mkuluyu anabadwa mu 1839 ku Brownsville, Pennsylvania, m'dziko la America, ndipo ntchito yosindikiza anaiphunzira ali kamnyamata. Nthawi imeneyo kunalibe zotaipa pa kompyuta izi, umatola chilembo chimodzichimodzi chachitsulo nkumasanja chobwerera m'mbuyo, zala bii ndi inki, ukalakwitsa pamodzi umasule mzerewo uyambirenso. Mu 1857 ananyamuka kupita ku Kansas, komwe kunali kutchire kwenikweni komanso anthu ankaphana pa nkhani yoti derali lilole ukapolo kapena ayi.

Tauni imene anafikira, Atchison, inali phata la anthu ofuna ukapolo. Nyuzipepala yakumeneko, Squatter Sovereign, inayambitsidwa mu 1855 ndi cholinga chomwecho, ndipo chaka chomwecho anthu a m'tauniyi anagwira mbusa wina dzina lake Pardee Butler, kumukweza pa zipika zomangamanga nkumusiya kuti apite ndi madzi a mtsinje wa Missouri, mlandu wake kungonena kuti ukapolo iye sagwirizana nawo. Tangoganizani kumeneko. Ndiye mu 1858 Martin asanakwane ndi zaka 20 zomwe akugula pepala lomwelo nkulitcha Freedom's Champion, dzina loti aliyense wodutsa pakhomo pa ofesi adziwiretu kuti muno tikumenyera ufulu. Ine pa msinkhu umenewo ngakhale kuyankhula pa msonkhano wa m'mudzi mawondo ankagwedera.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri n'choti nkhondo ya pachiweniweni itabuka mu 1861 sanakhale mu ofesi nkumalemba kuti ana a eni apite akafe ayi. Anasiya makina nkulowa gulu la asilikali la 8th Kansas Infantry, mpaka anadzakhala kenelo wake. Pa nkhondo ya ku Chickamauga mu September 1863 Hans Heg, bwana wa gulu lalikulu limene munali 8th Kansas ndi magulu ena, atawomberedwa, ndi Martin amene anatenga gulu lonselo nkulitsogolera, ali ndi zaka 24 basi, zipolopolo zili mvee. Patangotha miyezi iwiri analinso pa nkhondo ya pa Missionary Ridge. Boma linadzamupatsa ulemu wa brevet brigadier general, udindo waulemu chabe woposa wa kenelo, chifukwa cha ntchito imeneyi.

Atabwerako anabwerera ku inki yake ija ku Atchison. Za ndale zinabweranso, anakhala gavanala wa Kansas kuyambira 1885 mpaka 1889, koma zimenezo sizinandikoke kwenikweni.

Anamwalira mu October 1889 ali ndi zaka 50, patangopita miyezi yochepa chitulukireni mu ofesi ya gavanala, ndipo pepala lija linali likadali m'manja mwake, zaka zoposa 30 chiligulireni.