Khwefulani nsambo imodzi, mumve kusintha

Ambirife tinaphunzira gitala nsambo zitachunidwa mwachizolowezi: E, A, D, G, B, E. Kachunidwe kameneka n'kabwino, koma ukakhala nako nthawi yaitali zala zimayamba kuyenda zokha. Riff iliyonse imene ukupeka, kachidutswa kobwerezabwereza kaja kamene kamanyamula nyimbo yonse, imatuluka yofanana ndi ya dzulo.

Zikafika pamenepo ine ndimathawira ku Drop D. Umangokhwefula nsambo yaikulu ija kuchoka pa E kufika pa D, uku ukuyerekeza ndi nsambo ya D ija, yachinayi ukawerenga kuchokera ku yopyapyala kwambiri, mpaka ziwirizo zitagwirizana. Basi. Nsambo zitatu zokhuthala zakhala D, A, D. Ukagoneka mkombaphala wokha pa zitatuzo, pa fret iliyonse (timipata ta pakhosi la gitala tolekanitsidwa ndi tizitsulo), power chord (mawu olemera a nsambo zokhuthala zikalira pamodzi) yakwana, yomwe poyamba inkafuna zala ziwiri kapena zitatu.

Chimene ndimakondera kwambiri n'chakuti dzanja lamanzere likapepukidwa chonchi, maganizo onse amapita kudzanja lamanja. Nditsamiritsa chikhatho pansambo pafupi ndi bridge (pamene nsambo zakhazikika pathupi la gitala), ndimenya D wosagwirayo mobwereza, kenako chala chitsetsereka kupita pa fret yachitatu, yachisanu, n'kubwerera. Mawu ake amagunda m'chifuwa. Riff yabwino imakhala m'kamenyedwe, ndipo Drop D amakupatsa mpata womvetsera kamenyedwe kako bwinobwino.

Akatswiri ena anapita patali. Tony Iommi wa gulu la Black Sabbath anaduka nsonga za zala ziwiri pangozi ya m'fakitale ali mnyamata. Pofika 1971 anali atatsitsa nsambo zake mpaka C sharp kuti zifewe, zisamamupweteke, ndipo kulemera kwa mawu ake kunakopa oimba heavy metal ambirimbiri. Keith Richards wa Rolling Stones amakonda Open G, ndipo amachotseratu nsambo yaikuluyo n'kutsala ndi zisanu: G, D, G, B, D. Kungomenya osagwira paliponse, chord ya G yalira kale.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mukatsitsa kwambiri, nsambo zopyapyala zimalendewera, zimakhudza ma fret n'kumanjenjemera, komanso sizichedwa kusokonekera. Drop D alibe vuto lalikulu, koma ngati mukufuna kufika pa C gulani nsambo zokhuthalirapo. Ndipo muuzeni woimba besi musanayambe, kuti naye atsitse E wake.