Mgolo wa ku Chicago ndi maondo anga

Poti kavidiyo kaja kafika kale mpaka kwa achemwali ku Lilongwe, bola ndinene ndekha alamu asanathiremo mchere wina. Inde, munthu wagwada kutsogolo kwa mgolo uja ndine. Koma sindinkapemphera, ndipo sindinagwe monga akunenera ena. Ndinatsika.

Linali tsiku la Black Friday, mawa lake la chikondwerero cha ku America cha Thanksgiving, pamene anthu a ku Chicago amaima pamzere m'chisanu kudikira mowa wakuda womwe umatuluka kamodzi pachaka. Kuchokera ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, alamu anandilalikira njira yonse. Akuti bourbon, wiski amene wambiri amachokera ku Kentucky, lamulo limati apangidwe ndi chimanga chosachepera 51 peresenti, ndipo asungidwe mumgolo watsopano wa mtengo wa oak wowaulidwa mkati. Mgolo ukagwira ntchito kamodzi sathiramonso bourbon wina, ndiye ofulula mowa amaugula, n'kuthiramo stout, mowa wakuda uja, n'kumusiya miyezi yambirimbiri kuti ayamwe zonse zotsalira m'matabwamo. Akuti a Goose Island a mumzinda momwemo ndiwo anatchukitsa zimenezi ndi Bourbon County Stout wawo m'zaka za m'ma 1990. Pa ulaliki wonsewo ine ndinatolapo liwu limodzi lokha, chimanga. Mwana wa ku Ntcheu angaope chimanga?

Pamalo ena omwera anatibweretsera timatambula tinayi pakathabwa, tating'ono ngati tomwetsera mwana mankhwala a chifuwa. Nditaona mtengo wake ndinafuna kuitana apolisi. Anthu otizungulira sankamwa n'komwe. Ankangozunguza mowawo m'tambula, kulowetsamo mphuno, kutsinzina, kenako wina n'kuti akumva vanila, wina chokoleti, wina kokonati. Ine ndinanunkhiza n'kumva mowa.

Tsono apa mundimvetse bwino. Mowa umenewu ndi wachinyengo. Ndi wolemera, wotsekemera, sukuwotcha pakhosi, umangotsika mwaulemu. Palibe anandiuza kuti ukali wake ndi cha m'ma 14 peresenti, pamene Green amene anatilera safika n'komwe pa 5. Alamu akuti zinalembedwa ndi choko pabolodi. Bolodilo linali kutali, magalasi anga anali m'galimoto. Timatambula tanga tinatha alamu asanamalize kununkhiza koyamba, ndipo atapita kukadzithandiza ndinawathandizako tawo tiwiri, poopa kuti tingafunde.

Mutu unali bwinobwino, ndikulumbira. Ndikanatha kuwerenga a e i o u chobwerera m'mbuyo. Vuto linali maondo. Nditaimirira kuti ndikaone kunja, ine ndinanyamuka koma miyendo inati ikubwera pambuyo. Ndinayenda mapazi atatu, n'kutsika pang'onopang'ono, mpaka ndinapezeka nditagwada pafupi ndi mgolo wina unali pakona, manja atauyangata.

Munthu wanzeru akagwa amasandutsa kugwako kukhala ntchito. Ndinayamba kuugogoda mgolowo ndi chala, go go go, n'kuikapo khutu. Ndinanunkhiza m'mphako mwa matabwa, n'kugwedeza mutu mwakuya. Posakhalitsa mzungu wina wandevu zofika pachifuwa anabwera, n'kugwada pambali panga. Anandifunsa monong'ona kuti ndikumva chiyani. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana mgolo, ndinati chimanga chake ndi chabwino, koma chaka chimenecho mvula inachedwa. Bamboyo anatsinzina, ananunkhiza, n'kuvomera kuti nayenso akuimva mvulayo. Anaitana mkazi wake. Mkaziyo anagwada. Anabweranso mnyamata wina ndi kabuku n'kuyamba kulemba. Tinali anthu anayi pansi, mphuno pamatabwa, ndipo ine pofuna kutseka msonkhano mwaulemu ndinaomba m'manja katatu. Onse anaomba nane. Pa nthawi imeneyo ndikanati tiyimbe nyimbo ya fuko, akanayimba.

Alamu anga, m'malo mondidzutsa, anali chilili ndi foni, mapewa akugwedezeka. Ndiye chifukwa chake kavidiyoko kakunjenjemera.

Kenako mtsikana woperekera zakumwa anafika ndi thireyi, anatipempha kuti timupatseko njira, anatsegula chivundikiro cha mgolowo, n'kukhuthuliramo mapepala opukutira pakamwa ndi mafupa a nkhuku. Linali bini.

Wandevu uja anadzuka osatsanzika. Ine ndikanakondanso kudzuka, koma maondo anali asanabwerebe, ndiye ndinakhalabe pomwepo kanthawi ndikumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale. Komabe ndinene kuti bini kapena ayi, matabwawo anali enieni, ndipo kafungo ka wiski kanalimo ndithu pansi pa fungo la nkhukulo. Mphuno yanga sinalakwe kwenikweni.

Amene akundiitana kuti "a Mvula Inachedwa" pa gulu la WhatsApp ndawaona onse. Alamu akufunabe ndalama za timatambula tawo tiwiri. Ndawauza adikire malipiro a mwezi uno, kapena wamawa.