Momwe ndinapezera chilolezo chovala hijab ku casualty ndi pa ambulansi

Ngati ndinu namwino wachisilamu ndipo akusamutsirani ku casualty, kapena akuikani pa ndandanda woperekeza odwala pa ambulansi, nkhani ya hijab musathamangire nayo kwa a matron. Yambirani kwa amene amayang'anira za kapewedwe ka matenda, amene tonse timangowatchula kuti a IP. Ine ndinadzera njira imeneyi pachipatala chomwe ndimagwira ntchito kuno ku Kasungu, ndipo ndi imene inafupikitsa zonse.

Ku wodi ya amayi mpango wanga sunavutepo munthu. Nditangofika ku casualty, a in-charge anandikokera pambali. "Sister, chakumutucho ine ndilibe nacho vuto, koma kuno magazi amathothokera paliponse. Mukawerama, nsongayo ikukhudza bala. Kaonaneni ndi a IP, mundibweretsere cholembedwa." Sankanama. Mpango wanga unali wa nsalu yoterera ija, wofika pachifuwa, womanga ndi mapini awiri.

Achibale kunyumba anandilangiza kuti ndingowaonetsa malamulo basi. Zoonadi gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo. Mu 2021 bungwe la Public Affairs Committee linayanjanitsa atsogoleri achikhristu ndi achisilamu pa mkangano wa hijab m'sukulu, ndipo mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta aloledwe kuphunzira m'sukulu za boma ali ndi tsitsi lawo lopota. Zonsezi nzabwino kuzidziwa. Koma nza kusukulu, ndipo munthu amene akuganiza za bala lotseguka sungamutseke pakamwa ndi chigamulo chokhudza ana a sukulu. Ndinazisunga m'thumba.

A IP, mayi wachikulire amene anaiona kolera ya 2022 ndi 2023 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, za Mulungu sanafunseko n'kamodzi komwe. Anagwira nsonga ya mpango n'kuikoka pang'ono. "Mwanawe, woledzera wangozi ya kabaza akagwira apa, ukhosi wako uli m'manja mwake. Nanga mapiniwa akagwera pa machira?" Kenako anafuna kuona momwe ndimalowetsera stethoscope kukhutu, momwe zingwe za masiki zimakhalira, ndiponso kuti mpangowo ndimauchapa kuti, ndi chiyani. Pa masiki anatsindika kwambiri: masiki yosefa mpweya ya N95 imayenera kugunda khungu lenileni kuzungulira mphuno, masaya ndi chibwano. Nsalu ikalowa pansi pa m'mphepete mwake, mpweya umadutsa, ndiye kuti wavala chabe. Wodwala wobwera akutsokomola magazi sanena yekha pakhomo kuti ali ndi TB.

Povuta penipeni sipanali pamutu ayi, panali pamikono. Ndinazolowera kuvala malaya amanja aatali mkati mwa yunifolomu. A IP anakaniratu. Anati bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limatchula nthawi zisanu zosamba m'manja posamalira wodwala, ndipo munthu wamanja aatali amangonyowetsa zala poopa kunyowetsa malaya. Nsaluyo imatola za wodwala uyu n'kukazipaka kwa winayo. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba, chifukwa za mutu ndinali ndi mayankho, koma za mikono ndinalibe.

Lachisanu titatha mapemphero a Juma ndinapempha amayi aakulu ena kuti andiperekeze kwa a Shehe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa funso limodzi: kodi ndi chipongwe cha abwana, kapena wodwala angavulaledi? Nditafotokoza, anati pamene pali moyo wa munthu, zokakamiza zimafewetsa lamulo, koma ndisapyole pofunikapo. Ndiye tinagwirizana motere: ndikakhala pa wodwala manja amapindidwa mpaka pachigongono, ndikamachoka pantchito amatsika. Si Msilamu aliyense angakhutire nazo, ndikudziwa, ndipo sindikuuza wina kuti achite monga ine. Ku Britain nako anakanganapo pa lamulo lomweli lopinda manja a malaya pa wodwala, lomwe linayamba mu 2007, mpaka mu 2010 analola zovala zapamikono zotaya ukangogwiritsa ntchito. Mu 2019 chipatala cha ku Derby chinayamba kupereka mipango yotaya ya ku theatre. Ife kuno magolovesi enieniwo nthawi zina amatha, ndiye za mipango yotaya tizingozimva.

Wotsatira anali telala. Ndinapita kwa bambo wina wosoka pakhonde pafupi ndi msika, nditagula pa kaunjika ma T-shirt oyera a thonje, aakuluakulu, chifukwa nsalu yake imatanuka komanso imayamwa thukuta. Anandiyeza kuchokera pachipumi kuzungulira pansi pa chibwano, n'kusoka wongolowetsa mutu, wopanda pini, waufupi moti m'munsi mwake mumalowa mu kolala ya yunifolomu. Kumbuyo anang'amba n'kuikapo timabatani tiwiri tongodina, kuti wina akakoka tizimasuka tokha. M'masaya anasiya mpata wokwana chala, mpamene stethoscope imalowera popanda kuvula. Woyamba unathina kukhutu, wachiwiri unakhala bwino. Muwauze asoke angapo. Umodzi sungakwane, chifukwa uliwonse ndi wa shifiti imodzi, ndipo ukadontheredwa umachoka nthawi yomweyo.

Mtundu musavutike kusankha. Wakuda kapena wabuluu klorini amausandutsa mawangamawanga ngati nkhanga. Woyera ndiye umapirira. Wodetsedwa ndimauika m'jumbo yakeyake, n'kuuchapa ndi sopo, kuunyika mu klorini wa 0.05% kwa mphindi 30, kutsukuluza, kuyanika padzuwa n'kusita. Suchapidwa limodzi ndi zovala za ana.

A IP atauona anandiveka masiki, kundiuza ndiwerame ngati ndikupopa mtima wa wodwala, kenako anakoka kumbuyo mwadzidzidzi. Timabatani tinamasuka. Anaseka n'kunena kuti, "Kalembe kalata."

Kalatayo ndinalembera a matron, kudzera mwa a in-charge. Ndime yoyamba inali yopempha ndipo gawo 33 ndinalitchula kamodzi kokha. Zotsalazo zinali malonjezo: woyera, wopanda pini, wolowetsa mu kolala, wosintha shifiti iliyonse, wapadera m'chikwama, mikono yopinda pa wodwala. A IP analemba pansi kuti auona ndipo avomereza. A matron anawerenga ndili chiimire, n'kunena kuti m'zipatala za mishoni za CHAM masisitere achikatolika akhala akugwira ntchito atafunda kumutu kuyambira kalekale, ndiye palibe chachilendo. Anasaina, anadinda. Apa pokha musachite manyazi: pemphani kuti kope lina lilowe mu fayilo yanu, lina musunge nokha, ndipo mulijambulenso pafoni. Mabwana amasinthasintha, ndipo "a matron anandilola pakamwa" sizipita patali ndi munthu watsopano.

Pa ambulansi mpamene ndinaona phindu la zonsezi. Kuchoka ku Kasungu kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1, ndipo kumbuyo kwa Land Cruiser munthu suima chilili. Umakhala wogwada, dzanja lina lili pa dripi, lina likugwira wodwala galimoto ikagwera m'dzenje. Mpango wakale ukanakodwa pa kolowekera dripi tisanafike n'komwe pa Bua. Tsiku lina mnyamata wogundidwa ndi lole ya fodya cha ku Chinkhoma anasanza magazi tili pakati pa Madisi ndi Mponela, n'kundiwaza phewa lonse. Titampereka ndinalowa m'chimbudzi, kuvula, kuika m'jumbo, kuvala wapadera, basi. M'mwezi wa Okutobala kumbuyoko kumatentha zedi, ndipo thonje limanyowa, koma silikuphikitsa mutu ngati nsalu yoterera ija.

Chilolezo changa chimathera pakhomo la theatre. Mkatimo muli malamulo ake, ndipo chovala chochokera panja sichilowa. Ndikaperekeza wodwala ndimampereka pakhomopo. Akafuna kuti ndilowe, ndimavula wanga m'chipinda chosinthira n'kuvala zipewa zawo ziwiri, china kumutu, china chong'amba pamwamba chotsitsira m'khosi. A IP akuti akambirana ndi a ku theatre kuti mipango ingapo izisungidwa komweko n'kumalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pamodzi ndi magauni. Telala uja ndamuuza kale kuti imeneyo asadzaikemo timabatani tapulasitiki.