Tsiku Limene Kapasita Anandiyalutsa

Nditakonza tochi ndi ayironi ya pakhomo pathu, zomwe vuto lake linali waya wothothoka chabe, ndinayamba kudziona ngati katswiri wa zipangizo zamagetsi, moti ndinagula multimeter (chipangizo choyezera magetsi), chowotcherera mawaya ndi mpukutu wa mtovu, n'kulanda tebulo la pabalaza kuti likhale malo anga ogwirira ntchito. Choncho pamene wailesi yathu yakanema inayamba kukana kuyaka, kanyali kake kofiira n'kumangophethira, mumtima ndinakondwera kwambiri, ngakhale kuti pamaso pa mayi a kunyumba ndinaonetsa nkhope yachisoni.

"Bambo, bwanji tingopita nayo kwa okonza?" iwo anafunsa. Ndinawayankha modzichepetsa kuti okonzawo anali kale m'nyumba momwemo, ndipo kuti iwo anachita mwayi kukwatiwa nawo.

Ndinazula pulagi pa soketi, n'kugoneka wailesiyo chafufumimba pa bulangeti, kenaka ndinamasula masikulu 14 a chivundikiro chakumbuyo. Pa bolodi limene limalandira magetsi ndi kuwagawa ndinaona makapasita awiri otupa pamutu. Kwa amene sanatsegulepo chipangizo, kapasita wa mtundu umenewu amaoneka ngati kamgolo, ndipo mkati mwake mumakhala timapepala ta aluminiyamu topindidwa pamodzi ndi pepala lonyowetsedwa ndi mankhwala amadzimadzi. Ntchito yake ndi kusunga magetsi kwa kanthawi kuti aziyenda mosadukiza, koma akakhalitsa pamalo otentha mankhwalawo amauma, mutu umatupa, ndipo chipangizo chimayamba kuvuta poyaka. Ndikupempha owerenga kuti akumbukire kuti vutolo ndinalitulukira molondola, chifukwa kuchokera pano mpaka kumapeto sadzapezanso china chondiyamikira nacho.

Pa bolodi lomwelo pamakhala kapasita wina wamkulu amene amalandira magetsi ochokera ku soketi atawongoledwa, ndipo kumene magetsi a m'nyumba ali mavolti 230, iyeyu amasunga mavolti opitirira 300. Choipa chake n'chakuti kuzula pulagi sikumukhudza msanga, pakuti amatha kukhalabe ndi mphamvuyo kwa nthawi ndithu. Odziwa ntchito amayamba amuyeza ndi multimeter, n'kumukhuthula pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito resistor, kachipangizo kochepetsa kayendedwe ka magetsi. Zonsezi ndinali nditaziwerenga, koma ndinazikumbukira chala changa chachikulu chitagunda kale miyendo yake kunsi kwa bolodi. Nyesi imene inandigwira inandikuwitsa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, sikuludalaiva inauluka mpaka kuseri kwa mpando, ndipo ine ndinapezeka nditaima pakhomo osakumbukira kuti ndafikapo bwanji. Mayi a kunyumba atathamangira kudzaona, ndinawafotokozera kuti ndinali kutsimikiza ngati kapasita wamkuluyo anali wamoyo, ndipo kuti zotsatira zake zinali zolimbikitsa.

Tsiku lotsatira ndinapeza makapasita atatu atsopano a mamaikulofaradi 1000 (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene kapasita angasunge), wachitatuyo wongosungira. Akalewo anali a mavolti 16 ndipo atsopanowa a 25, zomwe n'zololedwa, popeza chiwerengero cha mavolti chikhoza kukwera koma sichiyenera kutsika. Makapasita otere ali ndi mbali ziwiri zosasinthanitsika: mwendo wautali ndi wa pulasi, ndipo mzere wojambulidwa m'mbali mwa kamgoloko umasonyeza mwendo wa mainasi. Ine, pofuna kuti ntchito ioneke yaudongo, ndinadula miyendo yonse kuti ifanane ndisanailowetse m'mabowo. Kenaka ndinatembenuza bolodi kuti ndiwotcherere kunsi, osaganizira kuti bolodi likatembenuzidwa, chimene chinali kumanja chimapita kumanzere. Mtovu unasungunuka bwino kwambiri, mfundo zinayi zonse zinatuluka zosalala ndi zonyezimira, ndipo ndinakhala ndikuzisirira kwa nthawi yaitali kuposa imene ndinathera poyang'ana zizindikiro.

Apa m'pamene ndinapalamula chachikulu, chifukwa m'malo moyesa wailesiyo ndili ndekha, ndinaitana banja lonse, n'kusiya dala chivundikiro chosatseka kuti aliyense aone luso langa. Mwana wanga wamwamuna, amene ali ndi zaka 11, anasuzumira n'kunena kuti, "Adadi, pa bolodipa alembapo pulasi, koma mzere wa uyu wayang'ana komweko." Ndinamuuza mokoma mtima kuti nkhani za magetsi n'zozama, ndipo kuti adzazimvetsa akadzakula.

Nditalowetsa pulagi, kanyali kanasiya kuphethira ndipo chithunzi chinabwera. Ndinatsokomola pang'ono, n'kuyamba kulankhula za mabanja amene amataya katundu wabwino chifukwa chosowa munthu woganiza, koma ndisanamalize chiganizo choyamba kunamveka kulira ngati kwa njoka, kenaka phuu! Kapasita wolowetsedwa mozondoka amatentha mkati, mankhwala aja amasanduka mpweya, ndipo timizere timene opanga amalemba pamutu pake timang'ambika dala kuti asaphulike ngati bomba. Timizereto tinagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo popeza ndinali nditawerama kuti ndiloze mfundo zanga zonyezimira zija, utsi woyera, fungo loipa ndi tizidutswa ta pepala zonse zinathera pa ine. Ana anathawira kuchipinda, wailesi inazima, ndipo mayi a kunyumba anakhala phee kwa kanthawi asanandifunse mwaulemu kuti, "Kodi bambo, kumenekunso ndi kutsimikiza?"

Mwamwayi palibe china chinapsa pa bolodipo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinakhuthula kapasita wamkulu uja ndi resistor, ndinamuyeza kawiri, ndipo ndinaika wosungira uja mwana wanga ataima pambali n'kumandiwerengera zizindikiro mokweza ngati mphunzitsi. Wailesiyo ikugwira ntchito mpaka lero, ngakhale kuti nditatseka chivundikiro masikulu atatu anatsala patebulo, ndipo sindinapezebe mabowo ake. Sabata yatha ndinamva mayi a kunyumba akunong'oneza ana kuti fani ya kuchipinda yayamba kulira modabwitsa, koma nditalowa kuti ndiione, ndinapeza itasowa, ndipo aliyense m'nyumbamo anakana kuti tinakhalapo ndi fani.